Batani Limene Achemwali Sanadine

Pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa telala ndi mayi wogulitsa magalasi a maso, pali kachipinda kakang'ono moti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. M'menemo ndi mmene amagwirira ntchito bambo wina amene aliyense amangowatchula kuti a Dinani. Dzina lawo lenileni lilipo, koma linachita dzimbiri kalekale. Ili analitola chifukwa palibe munthu amene amatenga chimbale chake n'kuchoka asanauzidwe katatu konse kuti, "Mukafika kunyumba, dinani apa. Osati apa ayi. Apa."

Ntchito yawo ndi kujambula kanema pa maukwati, pa maphwando ndi pa zochitika za kumpingo, n'kumuika pa zimbale. Anayamba nthawi ya matepi, mutu udakali ndi tsitsi. Pano amaika pa zimbale zija za zithunzi zowala kwambiri, zoti umatha kuona thukuta pamphuno pa mkwati ndi apongozi akuyasamula kumbuyo. Anthu amawaseka kuti dziko linasamukira pa foni, iwo atsalira okha. Sakwiya. Amangoti, "Foni imagwera m'madzi. Chimbale chimakhala m'kabati."

Koma chimene amanyadira koposa si kujambulako ayi. Ndi menyu, chithunzi choyamba chija chimene chimabwera ukangoika chimbale m'makina, chokhala ndi malemba oti usankhe, chimene chimangodikira mpaka udine batani. Pa nkhani imeneyi a Dinani ndi ovuta ngati ofufuza mlandu. Amakukhazika pa kabenchi n'kuyamba: zithunzi ziziyenda kapena zingoima? Nyimbo ikhalepo? Malemba akhale aakulu bwanji? Pa zaka zonsezi anaphunzira mitima ya anthu. Akwatibwi amafuna maluwa akugwa kuchokera kumwamba ndi nyimbo yoti mpaka ulire. Amuna awo amafuna batani limodzi basi, kanema ayambe, athe, anthu akagone. Akumpingo amafuna magawo khumi ndi awiri kuti kwaya iliyonse izithamangira pake, za anzawo osaonera. Achikulire amangopempha chimodzi, malemba akuluakulu. Telala woyandikana nawo nayenso ali ndi maganizo ake, ngakhale palibe anamufunsa: amati nyimbo yobwerezabwereza ija idzamupengetsa, ndipo tsiku lina anasoka thumba la buluku mozondoka chifukwa cha iyo.

Munthu wosamala choncho ungaganize kuti sangalakwitse. Koma paja amati woumba mbiya amaphikira m'phale. Chimbale chimodzi chokha chimene a Dinani sanafunse mwiniwake funso lililonse chinali cha mlongo wawo wamkulu, amene anawalera makolo awo atamwalira.

Alamu awo, amuna a achemwaliwo, anali dalaivala wa basi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atapuma pa ntchito, anzawo anawakonzera phwando lotsanzikana nawo, ndipo a Dinani anapita ndi kamera. Achemwali kunalibe. Anali kutali, kukasamalira mwana wawo wamkazi amene anali atangochira kumene, ndipo anagwirizana kuti adzaonera pa kanema akadzabwera. Patangotha masiku asanu ndi anayi phwando litachitika, alamu anagwa pabwalo akutsuka nsapato. Achemwali anabwera kudzapeza nyumba itadzaza anthu.

Chimbalecho a Dinani anachikonza sabata yotsatira maliro, maso ali otupa. Pa menyu anasankha kachidutswa ka masekondi makumi awiri. Chitseko cha holo chikutseguka, alamu akulowa, akuvula chipewa, akuyang'ana uku ndi uku ngati akufunafuna munthu, kenako akumwetulira n'kukweza dzanja. Basi. Kakatha kamayambiranso. Phokoso la m'manja analichotsa chifukwa linkaduka moipa, ndipo nyimbo sanaike. Malemba anawachepetsa kwambiri n'kuwakankhira pakona, achikasu pamwamba pa katani yachikasu, chifukwa sanafune kuti chilichonse chiphimbe nkhope ya alamu. Akanakhala munthu wina wapanga zimenezi, a Dinani akanamunyoza mpaka madzulo.

Anatenga makina oonetsera zimbale, n'kukawalumikiza pa tivi ya achemwali, n'kuika chimbale. Chitseko chitangotseguka pagalasi paja, alamu n'kulowa, achemwali anagwira pakamwa. Bambo amene amauza dziko lonse podina uja anangoti, "Ndasiya munthu ku shopu," n'kutuluka ngati wathamangitsidwa. Ku shopu kunalibe munthu.

Kuyambira pamenepo nyumba ija anayamba kuiopa. Ankaimba foni, ankatumiza moni, akakumana kumpingo ankacheza panja. Koma kulowa pabalaza paja, ayi. Ankati adzapita sabata yamawa, sabata yamawayo n'kubala inzake. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chaka chinatha.

Tsiku lina m'mawa mwana wamkazi wa achemwali uja anatulukira pa kachipinda kaja mwana ali kumsana. Sanadikire n'komwe kupatsidwa benchi.

"Amalume, amayi akulankhula ndi tivi."

"Akulankhula bwanji?"

"Akadzuka amayatsa pakhoma, adadi n'kuyamba kulowa pachitseko paja. Tsiku lonse. Amawapatsa moni, amawauza mtengo wa sopo. Ndinafuna kugwira makinawo, anandimenya dzanja, akuti ndingawathamangitse. Inu amalume, anthu achilendo mumawapangira kanema wa maola awiri, mlongo wanu n'kumupangira kakanthu kosakwana mphindi, kopanda ndi mawu omwe? Adadi anakulakwirani chiyani?"

"Kanemayo ndi wa mphindi makumi asanu," anatero a Dinani. "Akungofunika kudina pa rimoti."

"Rimoti yake iti? M'nyumba muja mulibe rimoti ya makina amenewo."

Pansi pa tebulo lawo pali katoni ya marimoti. Munthu wa ntchito imeneyi akagwira rimoti, dzanja limaiponya lokha m'thumba la jekete, madzulo n'kukhuthulira m'katoni osayang'ana. Anaitulutsa katoniyo n'kuyamba kufukula. Inali pansi penipeni, pulasitiki yake isanachotsedwe n'komwe. Anakhala pansi ataigwira, ndipo anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Anapita tsiku lomwelo, dzuwa lisanafike pamutu. Anapeza chitseko chili chotsegula, achemwali atakhala pabalaza akupinda zovala. Makatani anali otseka theka kuti kuwala kusasokoneze galasi. Mpando wa alamu unali pamalo pake, koma wa achemwali unali utatembenuzidwa kuyang'ana tivi. Ndipo apo, mwakachetechete, chitseko chinatseguka, alamu analowa, anavula chipewa, anafunafuna, anamwetulira, anakweza dzanja. Chitseko chinatsegukanso. A Dinani anali ataona kachidutswa kameneka kambirimbiri pa kompyuta, koma m'nyumba ya mwiniwake, pafupi ndi mpando wake, kanawaimitsa tsitsi lochepa limene linatsala.

"Lero kugwa mvula," anatero achemwali osadzuka. "Bambo, taonani amene wabwera. Mlamu wanu wakumbukira njira."

"Muli bwanji, achemwali?"

"Tilipo awirife. Salankhula, koma nanga ali moyo ankalankhula? Khala pansi, iwe, ukuwatchinga."

A Dinani anakhala m'mphepete mwa mpando. Anatulutsa rimoti ija n'kuiika patebulo, pamwamba pa zovala zopinda. Kenako anafotokoza zonse: kuti chimene akhala akuonera chaka chonsechi ndi pakhomo chabe, kuti kuseri kwake kuli phwando lonse, kuti timalemba tija tili pakona sanatione chifukwa iwo eni ake ndi amene anatibisa, kuti rimoti anapita nayo m'thumba.

Achemwali anasiya kupinda.

"Muli mawu awo?"

"Muli."

"Chaka chonse, iwe? Mawu a amuna anga ali m'katoni pansi pa tebulo lako?"

"Ndinalakwa, achemwali. Ndinaopa."

"Unaopa! Ndinakusambitsa ine, ndinakupukuta mamina ine, lero ukuopa nyumba yanga?" Anapuma mwamphamvu, n'kuyang'ana rimoti ija osaigwira. "Akunena chiyani?"

"Zambiri. Pali pena pamene akulankhula ndi inu. Anandiuza kuti ndijambule bwino kuti mudzaone."

Dzanja la achemwali linayamba kupita ku rimoti, kenako linaima panjira.

"Nanga kumapeto kuli chiyani?"

A Dinani anafuna kunama, koma anali atanama mokwanira. Iwo ndi amene anadula kanemayo, ndipo anamudula mwaluso monga amachitira nthawi zonse: woyamba ndi kulowa, wotsiriza ndi kutuluka.

"Akuvala chipewa, akutsanzika anzawo, akutuluka pachitseko chomwecho. Kenako mdima."

"Ndiye tenga chinthu chakocho uzipita." Mawu awo anatsika. "Anandichokera kamodzi ine kulibe. Ukufuna andichokerenso ndikuona ndi maso? Apa amabwera. Tsiku lonse amangobwera. Sindinapemphe zambiri."

A Dinani anayang'ana mlongo wawo, mmene anaondera, mmene maso ankathawira pagalasi masekondi makumi awiri aliwonse. Anadziwa kuti akanyamula rimoti ija, achemwali adzakalamba pampando umenewu, akudikira munthu wosatsegula pakamwa, mawu amene anawasiyira ali pafupi chonchi.

"Kanema akatha," anatero, "chimbale chimabwerera poyamba. Amalowanso."

"Okha?"

"Okha."

Ananena molimba, koma mumtima munali zii. Zimenezi amasankha ndi wokonza chimbale. Ena amafuna chibwerere pa menyu, ena amafuna chingoima mumdima, makamaka a zamaliro, amene amati kubwereza n'kusalemekeza. Sabata ija anagwira ntchito misozi ili m'maso, ndipo sankakumbukira n'komwe chimene anasankha. Inde, atazimitsa n'kuyatsanso alamu akanabwera ndithu, koma kumeneko n'kukoka munthu padzanja. Achemwali anafunsa za kubwera okha.

Achemwali anapukuta manja pa siketi, anatenga rimoti, n'kuiyandikiza kumaso.

"Pati?"

A Dinani anawaonetsa ndi chala. Achemwali anadina okha.

Phokoso linadzaza nyumba mwadzidzidzi moti onse awiri anadzidzimuka: m'manja, malikhweru, mipando ikukwekwesedwa. Alamu anakweza dzanja lija, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse analitsitsa, n'kuyenda kulowa mkati. Achemwali anatulutsa kamawu kakang'ono ngati apondedwa. Anaonera madalaivala akusimba nthabwala za mabuleki, abwana akulankhula motalika monga mwa abwana, alamu akudya mwaulemu, chipewa chili pabondo. Kenako alamu anaimirira, anakhosomola, n'kuyang'ana molunjika mu kamera.

"Mayi a ana kulibe, apita kukaona mdzukulu. Alamu, apa jambulani bwino, akaone. Mayi, zaka zonsezi mwakhala mukudzuka nane kusanache, kundifunditsira madzi, ine osanena zikomo. Ndinkaopa kuti mungazolowere." Anthu m'holomo anaseka. "Lero ndanena. Zikomo. Kuyambira mawa muzigona mpaka dzuwa likuwotcheni. Koma bwerani msanga, nyumba yandikulira."

Achemwali sanalire mokweza. Misozi inkangotsika, iwo akugwedeza mutu ngati akuvomera malangizo. A Dinani ndi amene analira ngati mwana, nkhope ili m'manja, mpaka mlongo wawo anawagunda ndi chigongono kuti akusokosa.

Mphindi zinatha msanga. Alamu anagwirana chanza ndi anzawo mmodzimmodzi, anavala chipewa, anatembenuka. Msana wawo unadzaza chitseko, kenako chitseko chinatsekeka, kuwala n'kuzilala pang'onopang'ono mpaka galasi lonse linada bii.

M'galasi lakudalo a Dinani anaona chithunzithunzi cha anthu awiri okalamba atakhala pabalaza, ndi mpando wopanda munthu pambali pawo. Anayamba kuwerenga chamumtima. Zitatu. Zinayi. Achemwali anawagwira pamkono, zikhadabo zikulowa m'khungu. Zisanu ndi ziwiri. Panja wina ankakhoma msomali. Zisanu ndi zinayi. A Dinani anatsegula pakamwa kuti aulule kuti ananena zimene sankazidziwa.

Makina analira kuti tche. Chitseko chinatseguka. Alamu analowa, anavula chipewa, anayang'ana uku ndi uku.

Achemwali anasiya mkono uja, anakonza mpango kumutu.

"Mwachedwatu, bambo," anatero. "Ine ndinabwera kalekale."