Matumba Anayi a Wendell Brekke

Kuno ku Challis, katawuni ka kumapiri ozizira, palibe amene sawadziwa a Wendell Brekke, chifukwa ndi amene ankatitsegulira misewu. Chipale chofewa chikagwa n'kukwirira misewu, ife tikadali m'mabulangeti, iwo amakhala atadutsa kale ndi chigalimoto chawo chokankhira chipale. Sanakwatirepo. Akafunsidwa chifukwa, ankati mkazi wolongolola mmodzi ndi wokwanira pamtundu wa a Brekke, ndipo ameneyo anatengedwa kale ndi mkulu wawo, a Arvid. Mlamu wawoyo, a Noreen, akamva zimenezo ankawagenda ndi kansalu kopukutira mbale.

Chiyambire unyamata, Okutobala akafika abale awiriwa ankakwera mapiri kukasaka eliki, nyama yonga gwape koma yaikulu ngati ng'ombe. Nyama imeneyi siyoponya paphewa ngati gwape. Ikagwera kutali ndi msewu umaiduliratu pomwepo, chiwalo chilichonse n'kuchilonga m'thumba la nsalu kuti chizipitidwa mphepo koma ntchentche zisachifike, kenako n'kumatuta pamsana. Matumba awo ankasoka ndi a Noreen ndi nsalu zakale zoyala pabedi, zina zamaluwamaluwa, moti alenje anzawo ankaseka kuti a Brekke amayamba aifunditsa nyama asanaidye.

Chaka ndi chaka mkangano unali womwewo, patebulo la kukhitchini kwa a Arvid.

"Achimwene, eliki ili ndi miyendo ingati?" ankafunsa a Wendell.

"Wayambatu iwe."

"Inayi. Ndiye matumba anayi. Enawo ngongophera maondo."

"Nanga msana? Nanga khosi? Uziika m'masokosi ako onunkhawo?"

"Muzingotafuna konko. Mano muli nawo."

"Atsala nawo awiri, ndipo sakumana," ankalowererapo a Noreen.

Mathero ake analinso omwewo. A Wendell ankalonga matumba anayi akuluakulu a miyendo, a Arvid n'kulonga awiri ang'onoang'ono a minofu ya kumsana ndi kukhosi. Sanapanganepo kuti zizitero, zinangozolowereka. Ndipo tsiku limene apha, madzulo omwewo mnofu wa kumsana unkalowa m'chiwaya cha a Noreen, ndi batala ndi anyezi wambiri. Eliki ndi yokoma paliponse, koma mnofu umenewo ndi wofewa moti mpeni umangokhala pambali.

A Arvid anamwalira chipale chikusungunuka. Mtima unangoima akukonza mpanda. Pamaliro a Noreen sanalire, anangosiya kudya. Anansi ankabweretsa mbale zovindikira, zonse zikuthera kwa galu. Pofika nyengo yotentha madiresi anali akulendewera pathupi ngati ayanikidwa pachingwe.

Tsiku lina masamba atayamba kuchita chikasu, a Wendell akuwawazira nkhuni, a Noreen anatulukira pakhomo.

"Alamu, mupita chaka chino?"

"Ndekha? Ndikakangana ndi ndani?"

"Ndikulakalaka mnofu wa kumsana. Ndi chokhacho chimene ndikachiganiza malovu amabwera."

A Wendell anasiya nkhwangwa. Chimwalirire mkulu wawo, aka kanali koyamba kuti mlamu wawo atchule dzina la chakudya.

"Ndipita," anatero.

"Chikwama cha akulu anu chili pamsomali m'galaja. Katengeni, ine sindinachikhudze."

Analowadi m'galajamo. Chikwamacho chinali chikadapindikira mmene unkakhalira msana wa mwini wake, malamba ake oda ndi thukuta. Anachiyang'ana, n'kutuluka chimanjamanja.

"Changa n'chokwanira," anatero, osawayang'ana alamu awo. Kunyumba kwawo manja analonga okha chikwamacho monga mwa nthawi zonse.

Masiku oyamba kumapiriko sanaone kanthu koma mapazi akale. Kenako m'mawa wina, kuseri kwa zitunda ziwiri, anaona eliki yaikazi yonenepa ikudya pamtsetse woyang'ana kudzuwa. Chipolopolo chimodzi chinakwanira. Pamwamba pa chitunda foni inagwira pang'ono, ndipo anawatumizira a Noreen mawu amodzi okha: "Ndapha."

Koma Okutobala wa chaka chimenecho ankatentha ngati waiwala dzina lake. Asanamalize kusenda, ntchentche zikuluzikulu zobiriwira zinali zitafika kale, mavu nawo ali pambuyo. Anagwira ntchito mwachangu. Mwendo m'thumba, kumanga, kupachika pamthunzi wa mitengo ya paini. Wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Kenako anayendetsa mpeni m'mbali mwa fupa la msana, n'kutulutsa minofu iwiri yaitali ngati mkono wa munthu, yofiira, ikutuluka nthunzi. Manja onse awiri atadzaza, anatembenuka.

"Achimwene, tsegulani thumba."

Ntchentche zokha ndi zimene zinayankha.

Anaima choncho nthawi yaitali, magazi akutsikira m'zigongono. Ataganiza bwino anayamba kufunafuna nzeru. Kuphatikiza minofuyo ndi mwendo sikukanatheka: matumba anali atathina, ndipo nyama yotentha ikagundana ndi inzake yotentha zimaolera limodzi. Anavula malaya n'kukulungamo, koma ntchentche zinalowera m'mikono ndi m'mipata ya mabatani. Atafunyulula anapeza timazira toyera tayamba kale kuikiridwa. Anatipala ndi mpeni.

Pansi pa chikwama panali pepala lakuda la pulasitiki limene ankavindikirira katundu kukagwa mvula. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti nyama yotentha saitsekera m'pulasitiki. A Wendell ankadziwanso. Koma anawerengera kuti akayenda mwandawala, dzuwa lisanafike pamutu akhala ali pagalimoto, pomwe anasiya bokosi la madzi oundana. Masamuwo anali olondola, kungoti anawerengera maondo a munthu wachinyamata.

Potsika chitunda choyamba mwala unagubuduka, bondo lamanzere n'kupotoka. Kuchokera pamenepo unali ulendo wa ndodo, kutsimphina, kukhala pansi, kudzukanso. Dzuwa linkawotcha chikwama mbali iyi, msana wawo ukuchitenthetsa mbali inayo. Kawiri konse anamasula pepalalo kuti nyama ipume, koma ntchentche zinali zikuwalondola ngati anthu operekeza maliro, ndipo ankamanganso msangamsanga.

Anafika pagalimoto dzuwa litatsamira pamapiri. Atangomasula, mphuno inawauza zonse. Anatsukabe minofuyo mumtsinje, n'kusenga pamwamba pake, n'kucheka mpaka pakati. Fungo losasa linali litalowerera. Anaisiya pamwala kuti akhwangwala adye.

Kwa a Noreen nyale ya kukhitchini inali itayaka. Anali atapesa tsitsi, atavala epuloni, mbale ziwiri zili patebulo. Anyezi anali wodulidwa kale, ndipo atangomva galimoto anaponya batala m'chiwaya.

"Taonani bwanawa, akulowa manja ali m'matumba! Nyama mwasiyira wantchito?"

"Alamu..."

"Mwendowo mwatani nawo?"

"Yawonongeka, alamu. Ndinaiika m'pulasitiki." Anavula chipewa. "Ndinanyamula anayi."

A Noreen anakhala pampando pang'onopang'ono. "Anayi," anatero. Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kugwira m'mphepete mwa tebulo. "Chitsiru inu! Zaka zonsezi akukuuzani!" Kusekako kunapotoka pakati, n'kusanduka kulira kumene kunakanika kutuluka kumanda kuja. Analira mofuula, nkhope ili m'epuloni.

Batala anayamba kupserera. A Wendell anatsimphina mpaka pachitofu, n'kuthiramo anyezi uja, poti sankadziwa china choti achite ndi manja awo. Atapsa anamuika pabuledi n'kukankhira mbale kwa alamu awo.

A Noreen analumako kamodzi, n'kutafuna nthawi yaitali. Kenako anaika bulediyo pansi.

"Miyendo ili bwino," anatero a Wendell. "Ili pamthunzi. Mawa ndikabwereka hatchi ndikaitenge. Pantchafu pali malo ofewa ndithu."

"Ntchafu si msana, alamu."

"Ndikudziwa."

Onse awiri ankadziwanso kuti chiphaso chosakira chimalola eliki imodzi yokha pachaka. A Noreen anatenga mbale ina n'kuvindikira bulediyo. A Wendell anayang'ana mikono ya alamu awo, yowonda ngati timitengo toyatsira moto, ndipo mumtima anayamba kuwerenga miyezi yotsala kuti Okutobala wina afike. Anasiyira pakati.