Nambala imene Mayi Mathovu sanayeze

Tiana ta nsomba zikwi zitatu, madamu awiri, pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndiyambe kugulitsa. Zonse ndinali nditawerengera. Chosowa chinali madzi, ndipo madzi ankangotayika pa paipi ya malo oyeretsera zonyansa za m'tauni, kumtunda kwa munda umene ndinagula chaka chatha.

Woyang'anira malowo aliyense amangowati Mayi Mathovu. Agwirapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anandiyendetsa m'mbali mwa thanki ya madzi ofiirira, obwata ngati ali pamoto.

"Antchito enieni ali umu, mwanawe, ine ndimangowasunga," anatero. "Tizilombo tosaoneka. Makina akamatipatsa mpweya, tizilomboti timadya amoniya wa mumkodzo, poizoni wopha nsomba. Mu thanki inayo mulibe mpweya, anzawo amamaliza ntchito, zotsalazo n'kusanduka mpweya wa nayitrojeni n'kuuluka."

"Ndiye mawa ndikoke paipi, Amayi?"

"Iwe, ukuthamangira kuti? Nsombazo zakutuma?"

Anaseka, kenako analeka. Pamadzi otuluka pankayandama kapepala koyera. Anakayang'ana mpaka kanapita.

Kenako anandiuza. Chaka chawo chachitatu pantchitoyi, makina a mpweya anazima masiku awiri. Atakonzedwa, thovu linabwerera, madzi ankaoneka oyera. Mwana wawo anali m'chipatala, ndiye sanayeze madziwo. Anakopera m'buku nambala ya sabata yapita, masiku anayi otsatizana. Sankadziwa kuti tizilombo tikafa timatenga masabata kuti tibwerere.

Mlongo wawo anali ndi damu kumunsi.

"Anandiitana m'mawa. Damu lonse mbuu, nsomba mimba kumwamba. Anati, 'Achemwali, inu ndi ophunzira, zafa ndi chiyani?' Ndinati sindikudziwa."

Mlongoyo anagulitsa malowo n'kusamuka. Anamwalira asanamve zoona zake. Munda wanga ndi womwewo. Dzenje louma limene ndimati ndi mwayi wanga, losafuna kukumba, ndi damu lake.

Kuyambira pamenepo amayeza katatu pa tsiku, ngakhale lamulo limati kamodzi. Anyamata a pantchito amati amayeza ndi tiyi womwe.

"Zikwi zitatu sindilola," anatero. "Bwera nazo makumi awiri."

Ndavomera. Lolemba ndiika tiana makumi awiri m'mgolo wa madzi a paipiyo, ndipo Mayi Mathovu aziyeza amoniya ine ndikuona, masiku khumi ndi anayi. Tikakhala tamoyo tonse, ndidzaza damu limodzi, latsopano, osati dzenje lija.