A Bonifasiyo Anaphwasula Limba Lathu N'kutibwereka Kaseti

A Bonifasiyo, okonza mawailesi aja a ku Furancungo, anatiwonongera limba la tchalitchi nthawi ya nkhondo, ndipo mpaka lero sanapepese.

Ine ndinkatsogolera kwaya pa katchalitchi kathu ku Chidzolomondo. Limbalo linali lakale, lopopa ndi mapazi, ansembe anatisiyira pochoka. Amene ankaliimba anali achimwene anga, a Fulujensiyo. Maso anali atawathera, koma nyimbo zakale za azungu zija, zolowera m'tchalitchi ndi zotulukira, zinali m'zala zawo. Mwana wanga Rozina atapeza banja, iwo anati, "Ameneyu ndimulowetsa ndine m'tchalitchi." Vuto linali limodzi. Chikopa cha mvukuto chinang'ambika, limba linkapuma ngati munthu wa mphumu.

Tinalikweza pangolo. Amene munaliko mukukumbukira msewu wa masiku amenewo: unkaponda pamene padutsa gudumu la mnzako, kuopa mabomba okwirira. Tinafika ndithu. A Bonifasiyo analiyang'ana ngati chitsa. Anati mwavutikiranji ndi chibokosi cha atsamunda? Anatulutsa gravadori yawo, wailesi ya makaseti, n'kuikamo kaseti. Anati mverani, senyor, azungu khamu lonse ndi mavayolini awo, palibe wophonya, palibe wotsokomola.

Ndisaname, inali yokoma. Makaseti otere ndimawamverabe. Koma ndinawauza kuti kaseti siyembekeza mkwatibwi. Akapunthwa pakhomo, iyo imangopita. Limba limadikira. Amayi akalephera kukweza mawu, limatsika nawo. Ndiponso nyimbozo eni ake anazipeka kaseti kulibe, ankaziimba ndi manja ngati achimwene. Ndinati ndabwera kudzamatitsa chikopa, maganizo ndili nawo anga. Anaseka. Anati chabwino, sabata ziwiri, koma ndalama ya metikali ilibe ntchito, ndisiye thumba la nyemba. Ndinasiya.

Sabata ziwiri zitatha ndinapalasa njinga. Anati guluu kulibe, ndi guerra, kunena nkhondo. Ndinapitanso. Anati chikopa chanyamuka ku Tete, chili m'magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndi guerra. Ndinapitanso. Akazi awo anati bambo achoka, pamene wailesi ikulira m'kati, wina akuitembenuza mabatani. Kodi nkhondoyo inkagwera iwo okha? Ine ndinkadutsa m'midzi yofuka utsi kuti ndidzamve mawu amodzimodziwo?

Ukwati utayandikira sindinaimenso pakhomo. Ndinazungulira kuseri. Limba linali pansi pa mtengo wa mapichesi, mvula italivumbwa. Thabwa lapamwamba anali atalikhomera kukhoma, lasanduka shelefu. Timalilime tamkuwa totulutsa mawu anali atazula tonse. M'kati munali thadzi, likufungatira mazira.

Ndinaitana a Bonifasiyo. Manyazi analibe ngakhale pang'ono. Anati mkuwawo anadula n'kukonzera mogwira mapiliya, mabatire aja, m'mawailesi a makasitomala, chifukwa zipangizo sizikubwera. Anati limba linali lakufa kale. Lakufa? Lovuta chikopa chokha? Za nyemba anati zinadyedwa, nanga ana adye chiyani. Kenaka anati ndithokoze, andibwereka gravadori ndi kaseti ija ulere, ndipo tsiku lina ndidzawayamikira kuti ananditsegula m'maso.

Ndinatenga, nanga ndikanatani. Kunyumba ndinawauza achimwene zonse. Anangofunsa ngati mpando wawo wa limba ulipobe.

Tsiku la ukwati ndinadina batani. Mavayolini anayamba bwino, anthu mpaka kutembenuka. Rozina atafika pakati pa tchalitchi, nyimbo inayamba kukoka ngati ng'ombe yodwala. Kenaka zii. Mapiliya amene a Bonifasiyo anatipatsa anali akutha kale, ongoanika padzuwa. Ana anaseka. Akuchimuna anayang'ana pansi. Achimwene anali pampando wawo uja, patsogolo pawo palibe kanthu, zala zikuyenda pamaondo. Anandikoka malaya n'kunong'ona, "Mphwanga, mwanayo wafika pati?" Ndinati pakati. Anapitiriza kuimba pamaondo mpaka Rozina anafika kuguwa.

Chaka chisanathe mudzi unatenthedwa, ife tinathawira ku Malawi. Achimwene anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Dedza, osakhudzanso limba.

Nkhondo itatha ndinakumana nawo a Bonifasiyo. Mukudziwa chimene ananena? Anati nanga si tchalitchi chanu chinapsa, limbalo likanapsabe. Inde, likanapsa. Koma likanapsa litaimbira mwana wanga, achimwene atachita chimene analonjeza.

Tsopano ndamva kuti atsegula ofisina ina yokonzera zinthu pafupi ndi msika wa Tsangano, ndipo pachitseko alemba kuti amakonza zoimbira zamtundu uliwonse. Inu a makwaya, inu muli ndi gitala kapena bangwe wa bambo anu, musasiye chinthu chanu pamenepo n'kuchoka. Khalani pompo, maso pa manja awo.

Ndipo inu a Bonifasiyo, mfuti zinaleka kulira kalekale. Lero muti ndi chiyani? Rozina ali moyo, ali ku Chidzolomondo komweko. Pitani mukamuuze kuti likanapsabe.