Funso la Anamwino kwa Apongozi Anga

Pali mawu ena amene mkamwini amafa nawo m'kamwa. Ine ndidawatchula, pamaso pa anthu, kwa apongozi anga aakazi, ndipo ndikakumbuka makutu amanditenthabe.

Chaka chimenecho apongozi adawang'amba pamimba kuchipatala cha kutauni. Mkazi wanga adali ndi khanda kwathu ku Lifidzi, ndiye wokawayang'anira ndidali ine, munthu amene tikakumana panjira iwo amapatukira kutchire. Anamwino, amene kumeneko amati anfermera, adali mlendo wosamva Chinyanja. Atadziwa kuti ndidaphunzirako Chipwitikizi kusukulu ya ku Fonte Boa, adandigwira kuti ndizimasulira.

Adandifotokozera bwinobwino. Munthu akang'ambidwa pamimba, matumbo amagona. Chizindikiro choti adzuka ndi mpweya wotulukira kumunsi. Usanatuluke, wodwala sapatsidwa chakudya, ngakhale phala. "Afunseni," adatero, ngati akundituma mchere.

Mawu aulemu tili nawo ambiri. Munthu amapita kuseri, amakataya madzi, amakadzithandiza. Onsewo ndi a munthu woyenda ndi miyendo yake. A ichi chokha makolo adatimana. Ndidanjuta chapatali, maso kukhoma.

"Amayi, m'mimbamo mukuyenda bwanji?"

"Zikomo, bambo."

"Anfermerawa akuti, kaya mpweya uja..."

"Zikomo, bambo."

Adamva zonse, ine ndikudziwa. Koma mayi angavomere zimenezo kwa mkamwini wake? Ndidauza anamwino kuti ayi, sizinachitike, ndipo phala lidatidutsa.

M'mawa mwake ndidawapeza milomo ili gwa, maso ali pa mbale ya wodwala mnzawo. Mayi amene amalima mizere ya mbatatesi kuposa ine, atafookeratu ndi njala pa bulangete. Ndidachita mantha. Ndidadzikwiyiranso, kuti munthu akufa ndi njala ine ndili kalikiliki kusankha mawu.

Ndidagwada pomwepo, ndikutsinzina.

"Amayi, mwaphwisa?"

Mawuwo adatuluka mokweza kuposa mmene ndidafunira. Odwala onse m'chipindamo adanditembenukira. Kenako mayi wina wa pakona adaphulika nako kuseka, atagwira bala lake, akundipempha kuti ndisamuphe. Apongozi adakoka chitenje nkufunda kumutu. Ndidaganiza kuti ukwati wanga wathera pomwepo.

M'chitenjemo mudatuluka mawu aang'ono.

"Auzeni kuti kuyambira dzulo m'mawa. Kanayi."

Kanayi! Adagona ndi njala tsiku lonse, akuwerenga okha mumtima, kuti ine ndi iwo tisachitirane manyazi. Anamwino adaomba m'manja nkubweretsa phala, iwo nkumwa mbale ziwiri atandifulatira.

Titabwerera kumudzi sitidaikambenso nkhaniyi. Mpaka lero tikakumana amapatukabe, moni nkumandipatsa ali kuseri kwa chimanga. Koma mkazi wanga adandiululira zimene amayi ake adamuuza tsiku lomwe tidafika, asanakhale nkomwe pansi.

"Amuna akowa alibe mwambo. Usadzawasiye."