Ndevu za Msodzi wa pa Hotela

Mumzinda wathu uno wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ena amadyera maboti, ena pakamwa, ena miyendo. A Ndevu ankadyera ndevu.

Ndipo zinali ndevu zenizeni: zoyera mbuu, zofika pamchombo, moti amayi ochapa pa hotela ankalumbira kuti tsiku lina munatuluka nkhanu ndi ana ake asanu ndi awiri. Ntchito ya a Ndevu inali kukhala pa bwato lobooka kutsogolo kwa hotela, kumasoka ukonde, alendo odzaona malo n'kumawajambula. Ukondewo sunalawepo madzi. Akausoka tsiku lonse, m'mawa mwake mlonda wa pageti ankaung'amba ndi mpeni kuti msodzi wakale asasowe chogwira. Zaka khumi ndi zinayi, ukonde umodzi womwewo.

Kale pamalopo panali nyumba za asodzi, zothinana moti mukayetsemula wodzidzimuka anali wa khomo lachitatu. Atabwera eni mahotela, anthu onse anasamutsidwira kuphiri, kumene nyanja imaoneka ngati kansalu koyanika patali. A Ndevu okha anatsala, chifukwa manijala wa nthawiyo anaona kuti nkhope yawo ikhala bwino pa chikwangwani. Anawapatsa kachipinda kuseri kochapira zovala. Khoma limodzi la kachipindako linali la nyumba yawo yakale, lomwe omanga anachita ulesi kuligwetsa. Malemu akazi awo anatsamira khoma limenelo pobereka, anatsamiranso lomwelo pomwalira. Kachipindako kankayenda ndi ntchito, ntchito inkayenda ndi ndevu.

Ndiye mwana wawo wamkazi, nesi, anapeza banja. Anatsika kuphiri atanyamula suti m'pepala.

"Ababa, apongozi anga ndi anthu a m'maofesi. Simungandiperekeze ndi tchire limenelo."

"Tchire limeneli ndi lomwe lakuphunzitsa kubaya jakisoni, mwanawe."

"Tingochepetsako pang'ono. Zimameranso izi, si mwendo."

Anapita kwa wometa wa pamsika, amene mawu oti pang'ono sawadziwa. Anadula kumanzere, kumanja kunatalika. Anadula kumanja, kumanzere kunatalika. Mapeto ake panatuluka kachibwano kotuwa ngati dzira la njiwa, kodabwa ndi dzuwa. Pa ukwati aliyense anawayamikira kuti abwerera unyamata. Iwo anamwetulira tsiku lonse, dzanja likungopita lokha pachifuwa n'kukagwira batani la malaya.

Lolemba anakhala pa bwato monga mwa masiku onse. Alendo ankangowalambalala. Mayi wina wopsa ndi dzuwa ngati nkhanu yophika anawapatsira botolo lopanda kanthu kuti akataye. Kenaka anatulukira manijala watsopano, wonunkhira mafuta moti ntchentche zinkakomoka akamadutsa.

"Madala, ndinu ndani?"

"Ndine ndili pa chikwangwani chanu apo, bwana."

"Wa pa chikwangwaniyo ndi msodzi. Inu mukuoneka ngati kalaliki wopuma pantchito."

"Ndalowa m'nyanja iyi zaka makumi atatu. Abale anga awiri ali pansi pake."

"Zimenezo sizituluka pa chithunzi."

Pofika Lachinayi pa bwatopo panali munthu wina, wochokera kumtunda kwenikweni, wandevu ngati tsache, woti funde likabwera ankathawa atanyamula nsapato m'manja. Ukonde ankaugwira ngati akufunamo nsabwe. Alendo anamukonda. A Ndevu anauzidwa kuti atule makiyi.

Anakwera kuphiri kwa mkamwini, kumene anawayalira mphasa m'kanjira kopita kukhitchini, anthu n'kumawadumpha popita kukatunga madzi. Manijala anali atanena kuti ndevu zikadzamera adzaonanso, ndipo iwo anagwira mawu amenewo. M'mawa uliwonse ankayeza chibwano ndi zala. Anapakapo mafuta ophikira, mafuta a injini, ngakhale mankhwala omeretsera tsitsi a mwana wawo. Nesiyo ankawapatsa tiyi osawayang'ana kumaso.

Patatha miyezi isanu, ndevu zitadzaza chikhatho, anatsika phiri wapansi. Mlonda uja anawatsekereza pageti.

"Mwachedwa, achimwene."

"Bwatolo atenge, sindikulilimbira. Ndikhala ndikusesa mchenga. Angondibwezera kachipinda kanga."

"Kulibe kachipinda. Anaikamo matayilosi. Ndi chimbudzi tsopano, cha osambira padziwe la hotela."

A Ndevu anasuzumira pampanda. Chitseko chinali chatsopano, chojambulapo kamunthu kovala siketi.

"Khoma lakum'mawa lija analisiya?"

"Lilipo. Ndi lomwe apachikapo galasi."

"Ndilowe kamphindi, ndikangoligwira."

Mlondayo anayang'ana kamera ya pamwamba pa geti, n'kuyang'ana nsapato zake.

"Ndi cha alendo okha, achimwene. Inenso ndili ndi ana."

A Ndevu anaima pampandapo. Mkatimo wina anagujumula madzi, n'kutuluka akuimba mluzu.