Lamba Wachikasu ndi Apongozi a Bambo Tadeyo

Bambo Tadeyo agwira ntchito zaka zinayi ku nyumba yosamalira okalamba ku Maryhill, kudziko la azungu, kunyamula makolo a eni ake. Tsiku lina akudzutsa mkulu wina pabedi, mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu unakokeka, iwo n'kukhala pansi ngati thumba la chimanga. Abwana anawapatsa masabata asanu ndi limodzi. Akapanda kuchira ntchito yatha, ndipo viza ya banja lonse yatsamira pa ntchito yomweyo.

Dokotala wa mafizo anawapatsa lamba wa mphira wachikasu, wa ongoyamba kumene. Amange kumwendo wa sofa, mbali inayo kukakolo, agone chafufumimba, azikoka chidendene mpaka kumatako. Kakhumi, katatu patsiku.

Koma pasofapo panali patakhala apongozi awo, mayi a mkazi wawo Theresa, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzalera khanda lawo, Tupochile. Mkamwini wolongosoka sadyera pamodzi ndi apongozi, nanga kuwalozetsa matako? A Tadeyo anayesa kuchipinda, bedi linadzaza malo onse. Anayesa pamasitepe panja, mzungu woyandikana naye anawapeza ali gone n'kufuna kuitana ambulansi. Masabata atatu anadutsa lamba ali mudirowa.

"Mukuchita?" anafunsa Theresa akuvala yunifomu.

"Ndikuchita mumtima."

"Viza sadinda mumtima, bambo a Tupochile."

Mawa lake apongozi anapita ku shopu ndi khanda. A Tadeyo anamanga lamba mwachangu, kugona, kukoka. Sofa yopanda munthu inangowatsatira. Ali mkati molimbana nayo, chitseko chinatseguka.

Anatseka maso, kudikira kuti nthaka iwameze. Anangomva mapazi akudutsa, kenako sofa inalemera. Mayiwo anali atakhala chammbali, nkhope kuwindo, akulankhula ndi khanda.

"Tupochile, uwauze bambo ako kuti ine ndikuona mvula. Uwauzenso kuti sindinakwere ndege kuti ndidzabwerere ndi nyumba yonse."

A Tadeyo anakoka. Mwendo unanjenjemera, thukuta kamukamu.

"Uwauze kuti imeneyo ndi imodzi. Zatsala naini."

Anafika pa sikisi, mwendo unakana. Masabata otsala anali atatu okha, ndipo palibe anadziwa ngati akwanira. Apongozi sanasunthe pasofa.

"Uwauze apume. Ine sindikupita kulikonse."