Mfuti Imene Sindinaione

Inu owerenga, ine ndine mayi wa ana asanu, wopemphera ndithu, koma ndi pakamwa pangapa ndinagwetsa nyumba ya mnzanga. Mpaka lero mtima wanga sukhala pansi.

Kwathu ndi kufupi ndi Muloza. Mayi Rozina ndi amuna awo anabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo malemu mayi anga anawapatsa dimba m'mbali mwa mtsinje. Tinakhala bwino zaka zambiri. Ndi Mayi Rozinawa amene anandidikirira kuchipatala pobadwa mwana wanga woyamba. Koma mayi atamwalira, alongo anga awiri anayamba kulifuna dimbalo. Chimene ankasowa ndi chifukwa.

Panali bambo wina wakabaza amene ankakonda kupumira pakhonde panga. Mudzi wonse unkadziwa kuti ndi wabodza, inenso ndinkadziwa. Ndikaphika kalongonda ndinkamugawira, iye n'kumandiuza za m'mudzi. Tsiku lina anati amuna awo a Rozina anakwirira mfuti ya kunkhondo m'nyumba mwawo. Ndinamuwonjezera mbale kuti anene zambiri. Mawa lake mfuti ija inali ndi zipolopolo. Mkuja wake inali yoti iphe alongo anga. Sindinazindikire kuti nkhani ikukula ndi mbale.

Mantha atandigwira, ndinathamangira kwa alongo anga. Aakulu anandifunsa kamodzi kokha: "Mlongo, waiona ndi maso ako?" Ndinachita manyazi kutchula wakabaza uja, poti akanandiseka. Ndinati, "Eya, ndaiona."

Kupolisi sanapiteko. Anamema anthu ndi makasu ndi zikwanje, dzuwa likuswa mtengo. Atafika kwa a Rozina anakumba m'nyumba monse, anasasula denga, anagumula khoma, amuna awo a Rozina anawathyola mkono. Chimene anapeza ndi mpeni wosendera chinangwa basi. Alongo anga anati ndiye kuti aisamutsa. Wakabaza nditamufunsa anangoseka, akuti ankangocheza.

Sabata isanathe banja lija linawolokera ku Milange. Mayi Rozina anandipeza pamjigo atasenza katundu, anangoti, "Achemwali, mukanandifunsa ine."

Dimba analanda alongo anga. Ndikuthokoza Mulungu kuti sipanafe munthu, koma ku Milange ndapitako kawiri kukapepesa, osawapeza.

Amayi anzanga, wina akakuuzani nkhani mudzifunse kuti akudyapo chiyani, ndipo amene mukukamuuza akufuna kuchita nayo chiyani. Munthu wofuna kale ndewu safufuza, amangodikira wina anene kuti waona. Ngati munangomva, nenani kuti munangomva, ngakhale akusekeni.